Zikwangwani Zochenjeza za Matenda Opatsirana Pogonana: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Pachipatala chilichonse, pomwe odwala amakhala pa benchi kudikira kuitanidwa, khoma silisowa chithunzi. Zina n'zatsopano, zina zinasuluka ndi dzuwa mpaka nkhope sizioneka. Anthu amaziwerenga chifukwa palibe china chochita pamzere, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti zithunzizi zili ndi mbiri yaitali, ndipo si yonse yosangalatsa.

Kodi kuchenjeza anthu ndi zithunzi zomata kunayamba liti?

Kunakula kwambiri ku America m'zaka za m'ma 1930. Nthawi imeneyo kungotchula chindoko pagulu kunali kulaula. Mu 1934 wailesi ya CBS inakaniza dokotala Thomas Parran kutchula dzina la nthendayi, ndipo iye anangoisiya nkhani yonse osailankhula. Patapita zaka ziwiri anakhala mkulu wa zaumoyo m'dzikolo, ndipo boma linagwiritsa ntchito akatswiri ojambula kukonza mapositala ouza anthu kuti akayezetse magazi. Penicillin, mankhwala amene akuchizabe chindoko mpaka lero, anayamba kugwira ntchitoyi mu 1943.

N'chifukwa chiyani zithunzi zakale zinkakonda kuloza mkazi?

Chifukwa ozijambula ankalankhula ndi amuna, makamaka asilikali. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a America ankapatsidwa chithunzi cha mtsikana wa nkhope yofatsa, atalembapo kuti angaoneke waukhondo koma samalani naye. Mwamuna ankajambulidwa ngati wogwa m'msampha, mkazi ngati msamphawo. Za mkazi amene watsala kunyumba, yemwe msilikaliyo adzamupatsire akabwerera, zithunzi zambiri zinkangozilambalala.

Maganizo amenewa sanathere ku America. Edzi itafika kuno, zithunzi zambiri za mu Africa zinabwereza zomwezo: bala, botolo la mowa, siketi yaifupi, bambo wa ndalama m'thumba. Mayi wapabanja wa kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe, amene sanapondepo m'bala, ankayang'ana chithunzicho n'kuona kuti sichikunena za iye. Ndiye kuipa kwake kunali pawiri. Wokhulupirika m'banja ankadziyesa wotetezeka, ndipo amene waona zizindikiro ankaopa kupita kuchipatala poopa kutchedwa woyendayenda. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba m'Zambia, pafupifupi 14 ali ndi kachilombo ka HIV, pamene mwa amuna 100 ndi 8. Chiwerengero chotere sichingakhale cha m'mabala mokha.

Nanga kuopseza sikuthandiza?

Kumadzidzimutsa, zimenezo n'zoona. Mu 1987 boma la Britain linatumiza kapepala kunyumba iliyonse, ndipo pa wailesi yakanema linaonetsa mwala wa pamanda wolembedwa dzina la Edzi. Chaka chomwecho Australia inaonetsa chigaza chovala mkanjo chikugwetsa amuna, akazi ndi ana. Anthu sanaiwale. Koma Switzerland inasankha njira ina m'chaka chomwecho: inangoika kondomu pa chikwangwani, poyera, popanda maliro. Ku Uganda anatenga fanizo la kwa oweta, lakuti chiweto chomangidwa pachikhomo chimadya pomwe chingwe chalekezera, ndipo aliyense wa kumudzi anamva kuti akunena za kukhala ndi mnzako mmodzi.

Kuno ku Zambia, kumene wodwala Edzi woyamba anapezeka mu 1984, zithunzi za munthu woonda ndi bokosi la maliro zinasiya bodza limene lavuta kulizula: lakuti wodwala amaoneka ndi maso. Wonenepa ankayesedwa wabwinobwino, woonda ndi chifuwa chachikulu ankalozedwa chala kuti ndi kaliwondewonde. Chimene chinatsegula anthu pakamwa kuposa chigaza chilichonse ndi pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza mu 1987 kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi Edzi. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma m'zaka za 2004 ndi 2005, chithunzi cha bokosi chinasanduka chonama, pakuti womwa mankhwala mokhulupirika amalima, amakwatira, amabereka ana opanda kachilombo.

Ndi zikwangwani ziti zimene anthu a m'Zambia amazikumbukira?

Kondomu ya Maximum, imene bungwe la Society for Family Health linayamba kugulitsa mu 1992, inafika pa zipupa za magolosale ndi m'mbali mwa misewu. Mu 1999 kunabwera kampeni ya achinyamata ya HEART, ndi mawu ake aja akuti "Abstinence ili che", amene ana asukulu ankaseka nawo koma n'kuwasunga m'mutu. Mu 2009 kunabwera One Love Kwasila, yodzudzula zibwenzi zam'mbali.

Sizinayende mosalala. Kumayambiriro kwa 2001, atsogoleri a mipingo atadandaula, zolengeza za makondomu zinachotsedwa pa wailesi yakanema ya boma, ndipo Pulezidenti Frederick Chiluba anali kumbali ya odandaulawo. Kutsidya ku Malawi, mu 2002, chithunzi chotsatsa kondomu ya Chishango choonetsa ntchafu ya mkazi chinatsitsidwa pa zikwangwani. Pa nkhani ya ntchafuyi odandaula anali ndi mfundo: chithunzicho chinakopa maso, koma chinabwezanso mkazi pamalo akale aja, a nyambo.

Kodi Katete ikusiyana bwanji ndi maboma ena pa nkhaniyi?

Ndi msewu. Pa Katete, msewu wa Great East umakumana ndi wopita ku Chanida, kumalire a Mozambique, umene umatsikira ku Tete mpaka kudoko la Beira. Madalaivala a mathiraki amagona pamenepa podikira mapepala, nthawi zina masiku angapo. N'chifukwa chake ntchito ya Corridors of Hope, yoyeza ndi kuchiza matendawa m'matauni a m'malire, inaika Katete pamndandanda wake pamodzi ndi Chipata, Chirundu ndi Nakonde. Vubwi nayo yatsamira Malawi ndi Mozambique, ndipo anthu amaoloka tsiku ndi tsiku kukagula, kukagulitsa, kukaona abale. Kumapeto kwa Ogasiti, pa Kulamba, Achewa a maiko atatu amadzaza Mkaika kudzalambira Kalonga Gawa Undi.

Malo otere amafuna chikwangwani cha Chinyanja, ndipo pa Chanida chofunikanso cha Chipwitikizi. Koma mapositala ambiri amachokera ku Lusaka m'Chingerezi, atajambula mnyamata wa suti ndi foni yodula. Mlimi wa fodya kapena thonje wa ku Sinda, amene wangolandira ndalama za zokolola, ndiye woyenera kuchenjezedwa nyengo imeneyo, koma sadziona pa khomapo. Apa wailesi monga Breeze FM ya ku Chipata, masewero a m'midzi ndi alangizi a pachipatala cha St Francis, chimene chakhala pa Katete kuyambira 1948, amafika pomwe pepala lalephera.

Zikwangwani zambiri zimanena za Edzi. Nanga chindoko ndi chinzonono zinatha?

Sizinathe, zinangosowa pa khoma. Bungwe la WHO likuti tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni padziko lonse amatenga limodzi mwa matenda opatsirana pogonana amene ndi ochizika. Ndalama za othandiza zinapita ku Edzi, ndipo malo amene anatsala anatengedwa ndi ena. Yang'anani pa mtengo wa pamsika kapena pa polo ya magetsi: kapepala ka sing'anga, kolembedwa m'chinenero chimene aliyense amamva, kolonjeza kuchiza mabomu, mauka ndi kusabereka, nambala ya foni ili pomwepo. Kapepalako n'kabodza pa zambiri, koma kamachita zimene positala ya boma imaiwala. Kamatchula vuto ndi dzina lake, kamanena kopita, ndipo sikanyoza wodwala.

Zoona zake ndi izi. Chilonda cha chindoko sichipweteka ndipo chimapola chokha, koma nthendayo imatsala m'magazi. Mwa mayi woyembekezera imatha kupha mwana m'mimba kapena kumubadwitsa wodwala, pamene jakisoni wa penicillin woperekedwa msanga amateteza onse awiri. Chinzonono chimabisala mwa akazi ambiri popanda chizindikiro, n'kutseka njira ya mazira, kenaka mayiyo n'kumanyozedwa kuti ndi wosabereka. Makapisozi ogula pa kantemba, omwa awiri n'kusiya, ndi china mwa zimene zikuchititsa kuti chinzonono chiyambe kupima mankhwala. Ndipo chilonda chilichonse cha kumaliseche chimatsegulira HIV khomo.

Tsono munthu achite chiyani akaona chizindikiro?

Apite kuchipatala chapafupi sabata yomweyo, amwe mankhwala onse mpaka kutha, ndipo asagonane ndi wina aliyense mpaka achipatala atanena. Akapatsidwa kapepala koitanira mnzake, akapereke ndithu, chifukwa akachira mmodzi yekha nthendayo imabwerera. Amayi oyembekezera, mukapita kusikelo koyamba funsani kuti akuyezeni chindoko pamodzi ndi HIV, ndipo abambo mupite nawo.