Duwa la calla m'miphika: lina limafuna dambo, lina limafuna chilala

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za chimanga ndi fodya, tikambe za maluwa. Ena mwina museka, koma amene amagulitsa maluwa a m'miphika m'mbali mwa misewu ya m'tauni, kapena kupereka maluwa ku maukwati ndi ku matchalitchi, akudziwa kuti muli ndalama. Limodzi mwa maluwa amene amagulidwa msanga ndi calla lily, lija looneka ngati fanulo yokhala ndi kandodo kachikasu pakati. Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti: duwali tizilithirira kangati? Yankho langa limakhalanso funso: kodi lanulo ndi la mtundu uti?

Mitundu yake ilipo iwiri ikuluikulu ndipo khalidwe lake ndi losiyana. Woyamba ndi wa maluwa oyera aakulu ndi masamba obiriwira opanda mawanga. Akatswiri amautcha Zantedeschia aethiopica, ngakhale kwawo si ku Ethiopia koma ku South Africa, Lesotho ndi Eswatini, komwe umamera m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Wachiwiri ndi wa maluwa achikasu, apinki kapena ofiirira, ndipo nthawi zambiri masamba ake amakhala ndi mawanga oyera. Makolo a mtunduwu amamera kumadera kumene mvula imagwa nyengo yotentha kenaka n'kubwera miyezi youma. M'bale wake wina, Zantedeschia albomaculata, amamera yekha m'tchire muno m'Malawi: amaphuka ndi mvula, ikatha masamba amauma, mbatata yake n'kugona pansi kudikira dzinja lina. Mukadziwa zimenezi mwadziwa kale theka la kathiriridwe kake.

Tiyambe ndi loyera popeza silivuta. Dothi lake lisaume. M'dzinja mvula imakugwirirani ntchito ngati mphika uli panja, koma ngati uli pakhonde musaiwale kuti mvula siifikako. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kuthirira kawiri pa sabata kumakwana. Ntchito imakula mu Sepitembala, Okutobala ndi Novembala, pamene mphika wadothi utha kuuma tsiku limodzi. Pamenepo thirirani m'mawa uliwonse, uchotseni padzuwa la masana, ndipo mutha kuukhazika m'mbale ya madzi osaposa masentimita 3 kuti uzimwa wokha. Koma madzi a m'mbalewo muzitaya ndi kutsuka mbaleyo pakatha masiku atatu alionse. Kukatentha udzudzu umatenga pafupifupi sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchoka pa dzira kufika pouluka, ndiye sibwino kuweta malungo pakhonde kaamba ka duwa.

La mawanga ndi limene limalowetsa anthu ambiri m'madzi, ndipo mbatata yake siyotchipa. Bzalani mbatatayo mvula ikamayamba, maso ake ayang'ane kumwamba, ikwiririke masentimita 5 mpaka 8, m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino. Thirirani kamodzi, basi dikirani. Apa m'pamene ambiri amapupuluma. Akaona kuti sabata yatha osaphuka kanthu amawonjezera madzi, osadziwa kuti mbatata yopanda mizu ndi masamba siimwa. Imangokhala m'matope mpaka kuola. Kufikira mphukira itatuluka, dothi lingokhala lachinyezi pang'ono ngati lomwe mumafesamo mbewu za ndiwo zamasamba.

Masamba akatambasuka duwali limayamba kumwa kwambiri. Ine sindikhulupirira zowerenga masiku, chifukwa mphika wadothi umauma msanga kuposa wapulasitiki, ndipo wa ku Dedza suuma ngati wa ku Salima. Pisani chala m'dothi kufika pa mfundo yachiwiri. Chikatuluka chouma, thirirani mpaka madzi atulukire kunsi. Chikatuluka ndi dothi lomatirira, siyani. Thirirani m'mawa, m'mbali mwa mphika, osati pakati pomwe patuluka mapesi. Mtunduwu musaukhazike m'mbale ya madzi, ndipo chitini kapena ndowa yakale imene mwasandutsa mphika muiboole mabowo angapo kunsi n'kuikhazika pa njerwa ziwiri. Mu Januwale ndi Febuluwale kukakhala mvumbi, lowetsani miphika pakhonde. Mukaona timadontho ta madzi kunsonga kwa masamba m'mamawa, si matenda ayi, duwalo likungotulutsa madzi otsala, koma likukuuzaninso kuti tsikulo silikufuna ena.

Mdani wamkulu ndi matenda oola amene amadza ndi bakiteriya wotchedwa Pectobacterium, yemwe mabuku akale amamutcha Erwinia. Ndi gulu lomwelo limene limaoletsa mbatata ya kachewere. Amakonda dothi lonyowa ndi lotentha, ndipo feteleza wambiri wa Urea kapena CAN amafewetsa mapesi n'kumutsegulira njira. Pesi limasanduka lachikasu, limagwa, mukalikoka limazuka lokha, kunsi kuli nyepenyepe ndi fungo loipa. Choopsa n'chakuti duwa loola limafota ngati la ludzu, mwini wake n'kuthamangira madzi ena. Musanathirire duwa lofota, gwirani dothi ndi kununkhiza patsinde. Likaola palibe mankhwala opopera amene angalidzutse. Tayani duwa ndi dothi lake kutali ndi miphika ina, ndipo mphikawo muutsuke ndi kuuyanika padzuwa.

Maluwa amabwera pakatha pafupifupi miyezi iwiri chibzalire. Akatha musadule masamba, pitirizani kuthirira, popeza masambawo ndiwo akudyetsa mbatata ya chaka chamawa. Akayamba chikasu okha, chamu Epulo kapena Meyi, chepetsani madzi pang'onopang'ono. Akauma lekeranitu. Gonekani mphika chammbali pamalo ouma ndi amthunzi kwa miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kupitirira. Auzeni ana ndi onse a pakhomo kuti mphika umenewo sunafe, asauchitire chifundo ndi madzi. Kwa a ku Thyolo ndi Mulanje, chiperoni chokha chitha kunyowetsa dothi lofunika kuuma, choncho ulowetseni pansi pa denga. Mbatata imene sinapume imatulutsa masamba ambiri koma maluwa ochepa, ndipo wogula sagula masamba.

Pa za madzi enieniwo, a mvula ndiwo abwino. A pa mjigo m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje ali ndi mchere umene umaunjikana mumphika n'kupsereza m'mphepete mwa masamba, ndipo kunena zoona kutentha kwa kumeneko sikugwirizana ndi duwali. Madzi otsukira mbale kapena ochapira, a sopo ndi mafuta, asapite mumphika.

Duwali ndi la banja limodzi ndi koko, ndipo mbatata, masamba ndi maluwa ake zili ndi timinga ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timawotcha m'kamwa ndi kutupitsa pakhosi. Ngati mwakumba mbatata kuti muzisunge m'thumba la pepala, musaziike m'khitchini kapena pomwe ana ndi mbuzi angafike, ndipo mukatha kuzigwira sambani m'manja musanagwire m'maso.