Kodi mbatatesi yaufa ingachepetse thupi?

Funso: Mayi wina wokhala ku Birmingham akufuna kuchepetsa thupi. Masana amadya mbatatesi yaufa ya m'paketi, monga Smash, yongothira madzi otentha n'kutakasa ndi foloko. Akufunsa ngati ikuwathandizadi.

Yankho: Mbatatesi payokha ilibe mlandu. Magalamu 100 a mbatatesi yowiritsa amakhala ndi makalori osafika 90, ndipo mu 1995 Susanna Holt ndi anzake a pa yunivesite ya Sydney anapeza kuti mwa zakudya 38 zimene anayesa, yowiritsayo ndiyo inkakhutitsa kwambiri.

Yaufa ndi nkhani ina. Inaphikidwa kale, kusinjidwa n'kuumitsidwa, choncho imagayika msanga: shuga amakwera mofulumira m'magazi, njala nayo sichedwa kubwerera. Odwala matenda a shuga asamale nayo. Mapaketi ambiri amabweranso ndi mchere wothiriratu, pomwe bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku.

Nanga batala uja ambiri amaponyamo kuti ikome? Supuni imodzi yaikulu ndi makalori pafupifupi 100.

Tsiku limene ntchito yawapanikiza, mayiwa angadye ndithu, koma pambali aikepo nyemba, dzira lowiritsa kapena nsomba, ndipo theka la mbale likhale masamba.