Kuyeretsa Pakhomo Mvula Isanagwe

Mwezi wa Okutobala ndiyo nthawi yabwino yakuti banja lililonse la mu komboni liyeretse pakhomo mokwanira. Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amakokolola zonyansa ndi kuzithira m'zitsime zosazama. Umu ndi mmene kolela imafalikira. Mu Januwale 2024 matendawa anakula kwambiri mu Lusaka, kotero kuti bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa.

Nchito iyambire panja. Zinyalala zikwiriridwe m'dzenje, mifolo itsegulidwe, ndipo maenje osunga madzi afotseredwe cifukwa udzudzu umaswana m'madzi ongoima.

Kucoka apo ndi ku cimbudzi. Pansi pakwecedwe ndi madzi a Jik, m'dzenje muthiridwe phulusa, ndipo pabowo pakhale covundikira kuti nchenche zisatuluke. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, popeza mpweya wake umapweteka mapapo.

M'nyumba, mphasa, matilesi ndi mabulangete ayanikidwe padzuwa. Makabati asunthidwe, pakuti kumbuyo kwake ndi kumene mphemvu ndi makoswe amabisala. Mbale zitsukidwe ndi sopo ndi kuumitsidwa pathandala, osati pansi.

Cotsiriza ndi cigubu ca madzi akumwa. Citsukidwe mkati ndipo cikhale cotseka nthawi zonse. Madzi awiritsidwe, kapena athiridwe klorini monga mwalembedwera pabotolo, ndipo papite mphindi 30 asanamwedwe.

Nchitoyi siya amai okha. Atate ndi ana omwe agwireko, cifukwa kolela ikalowa pakhomo sisankha munthu.