Bwanji Chaka Chatsopano cha ku China chimasinthasintha tsiku?

Tayang'anani masiku awa. Mu 2023 anthu a ku China adalowa chaka chatsopano pa 22 Januwale. Mu 2024 pa 10 Febuluwale, mu 2025 pa 29 Januwale, mu 2026 pa 17 Febuluwale. Chikusuntha tsikuli n'chiyani?

Yankho lili kumwamba. Kalendala yawo yamakolo imatsata mwezi weniweni uja timauona usiku, ndipo mwezi uliwonse umayamba tsiku limene kumwambako mwezi uli mumdima. Kuchoka mdima umodzi kufika wina pamapita masiku pafupifupi 29.5. Chulukitsani ndi 12, mupeza 354. Komatu dziko limatenga masiku 365 ndi kachidutswa kuti lizungulire dzuwa. Ndiye chaka chilichonse pamaperewera masiku 11.

Akuoneka ochepa eti? Kwa mlimi si ochepa. Pakatha zaka zitatu kalendala yasemphana ndi nyengo mwezi wathunthu, ndipo woidalira akabzala nthaka idakali youma ndi chisanu. Akatswiri a nyenyezi adathana ndi vutoli powonjezera mwezi wa 13, kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse. Zaka za 2023 ndi 2025 zinali ndi mwezi woterewu, n'chifukwa chake zotsatira zake zidayamba mochedwa. Kalendala ya Chisilamu siwonjezera mwezi, choncho Ramadan amayendayenda m'nyengo zonse. Ya ku China imagwira tsikuli pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, chisanu chikamatha kumeneko. Dzina lake, Chunjie, likutanthauza chikondwerero cha nyengo imene zomera zimaphukira.

Chidayamba ndi alimi omwewo, amene ankapereka nsembe kwa makolo ndi milungu chaka chikamatha, kupempha zokolola. Mu 104 BC, Mfumu Wu ya ufumu wa Han idakhazikitsa kalendala yoika mwezi umenewu poyambira chaka.

Nanga zofiira ndi makombola? Pali nthano ya chilombo chotchedwa Nian chimene chinkabwera kudzadya ziweto ndi anthu usiku wotsiriza wa chaka, mpaka anthu adatulukira kuti chimaopa phokoso, moto ndi zofiira. Ndi nthano basi, osakailemba pamayeso ngati mbiri, koma yokoma chifukwa mawu akuti nian amatanthauzanso chaka. Wapulumuka Nian, wadutsa chaka.

Lero anthu miyandamiyanda amachoka m'mizinda kubwerera kumudzi kuti akadye ndi abale usiku umenewo. Patebulo nsomba sisowa, poti dzina lake, yu, limamveka ngati mawu otanthauza zotsala, chizindikiro choti chakudya sichidzatha. Ana amalandira ndalama m'maenvulopu ofiira. Zonse zimatha tsiku la 15 ndi chikondwerero cha nyali, mwezi uli wathunthu.

Tsopano yesani: 2026 ilibe mwezi wowonjezera. Chotsani masiku 11 pa 17 Febuluwale, mutiuze m'munsimu kuti mu 2027 chikondwererochi chigwa tsiku liti.