Mankhwala Opopera Mbewu ndi Magazi a Mlimi: Chifukwa Chake Msinkhu Uli Wofunika

M'madimba a ku Mbulumbuzi, Mombezi ndi Thumbwe, kupopera tomato, kabichi ndi mpiru ndi ntchito ya nthawi zonse. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda mu nyengo ya ulimi ya 2016/2017, ngakhale chimanga chimapoperedwa. Mankhwalawa amapulumutsa mbewu, koma ena amasiya chizindikiro m'magazi a mlimi iye asanayambe kumva kudwala.

Zimene zimachitika m'thupi

Ubongo ukatumiza uthenga kuti mnofu ugwire ntchito, pamafunikanso china chozimitsa uthengawo kuti mnofuwo upumule. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi enzyme yotchedwa cholinesterase, imene imapezeka m'mitsempha ndi m'magazi. Mankhwala a magulu awiri, organophosphate ndi carbamate, amapha tizilombo pomanga enzyme yomweyi, ndipo sasiyanitsa mbozi ndi munthu. M'gulu loyamba muli dimethoate, chlorpyrifos ndi pirimiphos-methyl, amene ali mu Actellic wothira m'chimanga. M'gulu lachiwiri muli carbaryl ndi aldicarb, wodziwika ndi dzina loti temeki.

Mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'mphuno ndi m'kamwa. Cholinesterase ikachepa, mutu umapweteka, thukuta ndi malovu zimachuluka, m'mimba mumapotokola, maso saona bwino ndipo minofu imanjenjemera. Ikachepa kwambiri munthu amabanika, ndipo angathe kumwalira.

Choopsa n'chakuti enzyme imeneyi ingatsike pang'onopang'ono popanda chizindikiro. Mankhwala a organophosphate akaimanga, thupi limatenga milungu, ngakhale miyezi, kuti libwezeretse, pakuti maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120 asanalowedwe m'malo ndi ena. Choncho wopopera mlungu uliwonse amawonjezera poizoni pa thupi limene silinachire.

Kumene alimi amayezedwa magazi, madokotala amayerekeza mlingo wa munthu ndi mlingo wake womwe asanayambe kupopera, chifukwa anthu amabadwa ndi milingo yosiyana. M'chigawo cha Washington ku America, wantchito amaimitsidwa kugwira mankhwalawa enzyme ya m'maselo ofiira ikatsika ndi magawo 30 pa 100 alionse.

Msinkhu ndi chiopsezo

Ana ndiwo ali pangozi yaikulu. Thupi lawo n'laling'ono, kotero mlingo umene wamkulu angaupirire ungagwetse mwana. Mphamvu ya thupi yophwanya poizoniyu imakhala yochepa mwa makanda, ndipo ubongo wawo ukukulabe. Mwana wobelekedwa kumbuyo mayi ake akupopera amapuma mankhwala omwewo. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kugwiritsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika moyo wawo pachiswe.

Achinyamata ndi abambo a mphamvu zawo ndiwo amasenza sipuleya kawirikawiri, ena pa ganyu m'madimba angapo tsiku limodzi. Matupi awo ndi olimba, koma ndiwo amakhudzana ndi mankhwala ochuluka. Kupopera dzuwa likuswa mtengo, malaya atavulidwa, kumafulumizitsa poizoni kulowa pakhungu la thukuta.

Kwa achikulire, chiwindi ndi impso sizichotsa poizoni msanga monga kale. Amene ali ndi mphumu kapena vuto la mtima amafooka mofulumira. Mawu oti "ndapopera zaka zambiri osadwala" si umboni woti magazi ali bwino. Chizungulire ndi kufooka zimene ena amati ndi ukalamba zingakhale zochokera ku mankhwala. Amayi oyembekezera, odwala chiwindi ndi operewera zakudya m'thupi amakhala kale ndi cholinesterase yochepa m'madzi a magazi, choncho asamagwire mankhwalawa.

Zoyenera kuchita pabanja

Banja ligwirizane kuti wopopera akhale wamkulu wathanzi, ndipo ngati alipo angapo azisinthana. Wopoperayo avale malaya a manja aatali, buluku, magolovesi, majombo ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno. Apopere m'mawa kapena madzulo, mphepo ikuchokera kumbuyo kwake. Asasakanize mankhwala ndi dzanja, asauzire ndi pakamwa sipuleya ikatsekeka, ndipo asadye kapena kusuta fodya asanasambe ndi sopo. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha. Masiku odikira asanakolole, olembedwa pa botolo, atsatidwe, pakuti ndiwo zamasamba za ku Chiradzulu zimadyedwa mpaka ku Limbe ndi Blantyre.

Mankhwala agulidwe kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2000 ndipo likulu lake lili ku Bvumbwe. Othiridwa m'mabotolo a zakumwa, opanda chizindikiro, ndi msampha kwa ana.

Munthu akaonetsa zizindikiro, avulidwe zovala, asambitsidwe ndi sopo, ndipo atengeredwe msanga kuchipatala chapafupi, monga cha boma cha Chiradzulu kapena cha Nguludi, pamodzi ndi botolo la mankhwalawo. Asamukakamize kusanza, ndipo mkaka suchotsa poizoni. Achipatala ali ndi mankhwala otchedwa atropine othandiza pa vutoli.

Khonsolo ikupempha makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuti aitane alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo kudzakambirana phunziroli pa misonkhano yawo nyengo ya madimba isanafike pachimake.