Phunziro: Opaleshoni Yochotsa Ndulu ndi Mmene Munthu Amachirira

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi amaidziwa ndulu: kathumba kobiriwira komata kunsi kwa chiwindi, kamene timakachotsa mosamala kuopa kuti kangaphulike n'kuwawitsa nyama yonse. Anthufe tili nakonso. Kali mbali ya kumanja kwa mimba, kuseri kwa nthiti zam'munsi, ndipo kutalika kwake ndi masentimita 7 mpaka 10. Lero tiona chimene madokotala amachotsera kathumbaka, zimene zimachitika ku fiyeta, ndi zimene wodwala ndi womudikirira ayenera kuyembekezera akabwerera kunyumba.

Ntchito ya ndulu

Gwirani kaye mfundo iyi, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pomwepa: madzi owawa aja sapangidwa ndi ndulu ayi. Amapangidwa ndi chiwindi, theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza kugaya mafuta a m'chakudya. Ndulu imangowasunga, pafupifupi mamililita 50 nthawi imodzi, n'kumawakhwimitsa kuti akhale amphamvu. Munthu akadya zonona, ndulu imadzifinya, madziwo n'kutsika ndi kanjira kopita m'matumbo. Ikachotsedwa, chiwindi sichisiya ntchito yake. Madzi aja amangodontha m'matumbo pang'onopang'ono, usana ndi usiku, popanda poima. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala bwinobwino mpaka kukalamba alibe ndulu.

Zimene zimafikitsa munthu ku opaleshoni

Kawirikawiri vuto ndi timiyala. Madzi akakhalitsa m'ndulu, zina mwa zimene zili m'madzimo zimaundana. Timiyala tambiri timachokera ku mafuta otchedwa cholesterol. Tina takuda timapangika magazi akamawonongeka msanga, monga mwa odwala sickle cell, ndipo n'chifukwa chake ngakhale ana a matendawa amapezeka nato. Vutoli limakonda amayi kuposa abambo, makamaka amene abereka kangapo, opitirira zaka 40, onenepa kwambiri, ndiponso amene awonda mofulumira.

Ambiri amene ali ndi timiyala samva kanthu, ndipo oterewa nthawi zambiri safunika mpeni. Zimavuta kamwala kakatseka pakamwa pa ndulu. Pamenepo munthu amamva kupweteka kothetsa nzeru chakumtunda kwa mimba, pakati kapena kumanja, kolasa mpaka kumsana pafupi ndi phewa lamanja. Kumabwera makamaka atadya zamafuta, ndipo kumatha theka la ola kapena maola angapo. Ena amamwa mankhwala a zilonda zam'mimba kwa miyezi osaona kusintha, mpaka sikani ya ultrasound idzaonetse timiyalato. Zikapitirira, ndulu imatupa n'kulowa matenda, kapena kamwala kamatsika n'kukatseka njira yaikulu yochokera kuchiwindi, munthu n'kuchita chikasu. Nthawi zina kamatupitsanso pancreas, chiwalo chija chimapanga insulin, ndipo amenewo ndi matenda oopsa.

Mwina mufunsa kuti, bwanji osangochotsa timiyalato n'kusiya ndulu? Ndulu imene yayamba kupanga timiyala imapanganso tina. Mankhwala osungunula alipo, koma amagwira timiyala ting'onoting'ono ta cholesterol tokha, amatenga miyezi yambiri, ndipo akasiyidwa timiyala timabwerera. Za kumwa mafuta osakaniza ndi mandimu kuti titsukike, zimene zimafala pa WhatsApp, n'zongotayitsa nthawi.

Njira ziwiri

Opaleshoniyi si yachilendo. Dokotala wa ku Germany, Carl Langenbuch, anachotsa ndulu ya munthu koyamba ku Berlin mu 1882, mong'amba mimba. Mu 1985 dokotala winanso wa dziko lomwelo, Erich Mühe, anaichotsa pogwiritsa ntchito chipangizo chosuzumira m'mimba kudzera pa kabowo. Njira zonse ziwiri zikugwirabe ntchito.

Pa njira ya timabowo, yotchedwa laparoscopy, dokotala amaboola malo atatu kapena anayi pamimba, lililonse sentimita imodzi kapena kucheperapo, limodzi pamchombo. Amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti mufufume, aone bwino. Amalowetsa kakamera ndi tizipangizo titalititali, amatsina kanjira ka ndulu ndi mtsempha wake wa magazi ndi tizitsulo tating'ono, amadula, amamatula ndulu pachiwindi n'kuitulutsa. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena awiri. Pa njira yong'amba, bala limakhala limodzi, la masentimita 10 mpaka 15, kunsi kwa nthiti zakumanja.

Si chipatala chilichonse chimene chili ndi zipangizo za laparoscopy, choncho funsani njira imene idzagwiritsidwe ntchito. Dziwaninso kuti dokotala akhoza kuyamba ndi timabowo koma n'kusintha ali m'kati, ngati ndulu yatupa kwambiri, yamatirirana ndi ziwalo zina, kapena magazi akutuluka. Mukadzuka n'kupeza bala lalikulu, musaganize kuti zinalakwika. Dokotala wosamala amang'amba kusiyana n'kudula zimene sakuziona bwino.

Kukonzekera

Mudzayezedwa magazi ndi BP, ndipo mudzaonana ndi dokotala wogonetsa. Muuzeni zonse: matenda a shuga, mphumu, mimba ngati mukuikayikira, mankhwala amene anakuwengani, ndi onse amene mukumwa, kaya ma ARV, kaya aspirin kapena warfarin amene amachedwetsa magazi kuundana. Azitsamba nawonso muwatchule, musachite manyazi. Musasiye mankhwala alionse mwa nokha. Iye ndiye adzanene oti mumwe m'mawa wa tsikulo ndi oti muime. Fomu yovomereza musasaine mongothamanga. Funsani mpaka mumvetse.

Lamulo la kusala ndi ili: chakudya chimalekedwa maola 6 opaleshoni isanachitike, madzi akumwa maola awiri, pokhapokha achipatala anene zina. Apa odikirira odwala amalakwitsa chifukwa cha chifundo, kumupatsa wodwala kaphala mobisa kuti asapite ndi njala. Munthu akagonetsedwa, za m'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Kaphala kameneko kakhoza kuimitsa opaleshoni, kapena kupha kumene.

Podzuka

Mudzadzuka muli ndi diripu pamkono, mutu uli wolemera, mwina ndi mseru. Pakhosi pamakanda chifukwa cha paipi yopumira imene inaikidwa muli mtulo. Ena amapezeka ndi kapaipi kotulutsa madzi pambali pa mimba, kamene amakachotsa pakapita tsiku limodzi kapena angapo. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi phewa lamanja kupweteka pamene mpeni sunafikeko. Ndi mpweya uja wotsalira m'mimba, umene umakhudza mnofu wopumira, ndipo minyewa ya mnofuwo imachokera m'khosi pamodzi ndi ya paphewa. Zimatha pa masiku awiri kapena atatu.

Anamwino akakuuzani kuti mudzuke muyende tsiku lomwelo, si nkhanza. Kuyenda kumateteza kuti magazi asaundane m'miyendo, kumatsegula mapapo, ndipo kumadzutsa matumbo. Potsokomola, gwirani pabala ndi pilo. Wa timabowo amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Wong'ambidwa amagonera masiku atatu mpaka asanu.

Kunyumba

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amadzipweteka. Timabala ta kunja timapola msanga, munthu n'kuyesa kuti wachira, pamene minofu ya m'kati idakalumikizana. Wa laparoscopy amabwerera ku ntchito zopepuka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Wong'ambidwa amafunika masabata pafupifupi 6. Pa nthawiyi kusenza, kusinja, kulima ndi kubereka mwana kumbuyo zidikire kaye. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20; kuitukula bala lisanakhwime kungasiye mpata m'minofu, matumbo n'kutumphukira pamenepo, ndipo zikatero ndiye opaleshoni ina. Abale agawane ntchitozi wodwala asanatuluke, chifukwa mayi amene waona kuti m'nyumba mulibe madzi sangakhale pansi. Galimoto kapena njinga yamoto muyendetse pokhapokha mutatha kuponda buleki mwadzidzidzi osamva kupweteka, ndiponso mutasiya mankhwala oledzeretsa.

Pabala pakhale pouma ndi paukhondo. Osapakapo mankhwala azitsamba, phulusa kapena mafuta odzola. Ulusi wina umasungunuka wokha, wina amachotsa pakatha masiku 7 mpaka 10. Funsani kuti wanu ndi uti. Panado nthawi zambiri amakwanira pakapita masiku oyamba. Mankhwala amphamvu monga tramadol ndi morphine amadzimbitsa, choncho imwani madzi ambiri ndipo idyani zipatso ndi masamba.

Za chakudya, kumbukirani mfundo yathu yoyamba. Posungira madzi ogaya mafuta palibenso, ndiye mafuta ambiri akabwera nthawi imodzi amapeza madziwo ali ochepa. Yambani ndi phala ndi zina zofewa, kenako nsima, masamba, nyemba, nsomba ndi nkhuku yochotsa khungu, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi, nyama yonona ndi ndiwo zosambira m'mafuta zidikire masabata angapo, ndipo pozibwezera muziyesa chimodzichimodzi. Palibe chakudya chimene chimaletsedwa moyo wonse. Ena amatsegula m'mimba kapena kudzimva kufufuma, chifukwa madzi a ndulu akudontha mosalekeza amafulumizitsa matumbo. Kwa ambiri zimatha pa masabata ochepa. Zikapitirira, pali mankhwala, monga cholestyramine, amene amagwira madziwo m'matumbo.

Zofunika kuthamangira nazo kuchipatala

Mwa odwala 100, oposa 99 amatuluka njira yaikulu ya madzi a ndulu isanavulale, komabe ikavulala ndi nkhani yaikulu. Zimachitikanso kuti madzi a ndulu adonthere m'mimba, kapena kamwala katsalire m'njira ija. Kupweteka kwa kuchira kumachepa tsiku ndi tsiku. Kukamakulirakulira, mimba n'kumatupa, chilipo chalakwika. Maso akachita chikasu, mkodzo n'kuda ngati tiyi, chimbudzi n'kuyera, ndiye kuti madzi ochokera kuchiwindi sakufika m'matumbo, akubwerera m'magazi. Kutentha thupi, kusanza kosalekeza, bala kufiira kapena kutuluka mafinya, mwendo umodzi kutupa, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, zonsezi sizodikira tsiku la chekapu. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mutatenga buku lanu lakuchipatala, ndipo pofika nenani tsiku limene munachitidwa opaleshoni. Kamwala kotsalira nthawi zambiri amakachotsa osang'ambanso, ndi chipangizo cholowera pakamwa, pa njira yotchedwa ERCP.

Ngakhale mukupeza bwino, pitani pa tsiku limene anakulemberani. Dokotala adzaona bala ndi kukuuzani ngati mwafika poyamba ntchito zolemetsa. Ngati ndulu yanu inatumizidwa ku labotale kukayezedwa, funsani zotsatira zake, ndipo zilembedwe m'buku.