Mwana akakanidwa malo a masitazi, banja lichite chiyani?

Kalata yokana munthu malo ku yunivesite sichedwa kutha. Ndi mizere inayi kapena isanu pa imelo: tathokoza pofunsira, ofunsira anali ambiri, malo ndi ochepa, tikukufunirani zabwino zonse. Mwana wanu amene anatha zaka zinayi ku Chanco, ku Bunda kapena ku MUST akulimbana ndi kemisitiri ndi masamu amaiwerengera kuchipinda pa foni yake, kenaka n'kutuluka kudzadya nsima ngati palibe chachitika. Inu mwina mudzamva patatha sabata. Malangizo ano ndi a inu amene mumakhala naye: amayi, abambo, amalume amene ankalipira fizi, mkazi kapena mwamuna wake.

Akakuuzani, musamufunse kuti walakwitsa pati. Funso limenelo wadzifunsa kale usiku wonse. Musathamangirenso mawu akuti "sinali nthawi yake." Akhoza kukhala oona, koma pa tsiku loyamba amamveka ngati mukufuna nkhaniyo ithe msanga. "Pepa mwana wanga, ndinaona mmene unalimbikira" ndi okwanira. Muonetsetse kuti akudya ndipo akugona. Zokonza mapulani zidikire sabata imodzi kapena ziwiri.

Nkhaniyi ndi yake, si yanu yoti mufalitse. M'mabanja ambiri chimene chimapweteka kwambiri si kalatayo ayi, koma kuti kumpingo, kumsika ndi pa gulu la WhatsApp la akubanja anthu anauzidwa kale kuti "wathu uja akukwera ndege mu Sepitembala." Tsono gwirizanani naye yankho limodzi loyankha aliyense wofunsa, monga "chaka chino sizinatheke, ayesanso," ndipo musaonjezerepo kanthu ngakhale azakhali ake akakamize. Wina akayamba kunong'ona kuti pali amene wamutsekera mwayi, mudule nkhaniyo pomwepo. Ndalama zimene zikanapita kwa sing'anga kapena kwa mneneri wofuna chopereka chapadera zidzafunika pa mayeso a Chingerezi.

Kuti mumuthandize bwino, muyenera kumvetsa mmene amasankhira anthu pa maphunziro apamwamba a sayansi, chifukwa si zofanana ndi kusankhidwa kuchoka ku MSCE, kumene mapointi ndiwo amalankhula kwambiri. Wophunzira wa masitazi yochita kafukufuku kapena wa PhD amagwira ntchito pansi pa mphunzitsi mmodzi womuyang'anira. Mphunzitsiyo ali ndi labotale yokwana anthu owerengeka, ali ndi ndalama za kafukufuku zimene anapatsidwa pa ntchito inayake, kwa zaka zingapo basi. Ngati ndalamazo ndi za kafukufuku wa udzudzu umene sukufanso ndi mankhwala, iye akufuna munthu amene anagwirapo udzudzu m'labotale. Mwana wanu angakhale anakhoza ndi distinction, koma ngati analemba kuti akufuna kufufuza za madzi a m'zitsime, ndipo woona za madziyo alibe ndalama chaka chino kapena ali ndi ophunzira okwanira kale, kalata idzakhala yokana. M'kalatamo sadzalembamo chifukwa chimenechi. Ndiye chifukwa chake munthu yemweyo, ndi mapepala omwewo, amakanidwa kuno n'kutengedwa kwina.

Pali zitseko ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza: cha malo ndi cha ndalama. Khalani naye pansi muiwerengenso kalatayo modekha kuti muone chimene chatsekedwa. Ngati alembamo kuti ali pa mndandanda wa odikira, nkhani sinathe. Ku America, mayunivesite ambiri anagwirizana kuti amene apatsidwa malo ndi ndalama ayankhe pofika pa 15 Epulo, choncho malo amene ena akana amatseguka cha m'masiku amenewo. Ayankhe imeloyo mwaulemu kuti akadali wofuna, ndipo ngati pali chatsopano chimene wachita chifunsireni, achitchule. Ngati apatsidwa malo koma sikolashipu yakanika, afunse ngati angamusungire malowo mpaka chaka chamawa. Mayunivesite ena amalola, ndipo kalata ya malo ili m'manja imalimbitsa pempho la ndalama.

Pamenepa ndi pamene mabanja ena amagwera m'dzenje. Kalata ya malo ikafika popanda ndalama, chikondi chimakankha makolo kugulitsa puloti, ng'ombe kapena kutenga katapila. Musatero. Fizi ya masitazi ya sayansi kwa wophunzira wochokera kunja ku Britain kawirikawiri imapitirira mapaundi 20,000 pa chaka, osawerengera nyumba ndi chakudya. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, moti amene anali atasonkha zokwanira Lachitatu anapezeka opereŵera kumapeto kwa sabata yomweyo. PhD ya sayansi yopanda ndalama ndiye asaiganizire n'komwe.

Mtima ukakhala pansi, ayambe kufufuza pamene panapereŵera. Kawirikawiri ndi pa zinthu zooneka zazing'ono zimene zinalembedwa poyera koma sanaziwerenge bwino. Sikolashipu ya Chevening imafuna munthu amene wagwirapo ntchito maola 2,800, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri. Masikolashipu a DAAD a maphunziro okhudza chitukuko nawonso amafuna zaka ziwiri za ntchito. Wongotuluka kumene ku koleji amagwa asanafike n'komwe pa tebulo la osankha. Ku South Africa mayunivesite ambiri amafuna kuti digiri yakunja iyambe yaunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo ofunsira ena amauzidwa kuti achite kaye chaka cha Honours. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho aone tsiku limene analemba asanazitumizenso. Akhoza kulembera ku dipatimenti imene yamukana, mizere itatu yokha, kufunsa chimene angakonze. Ambiri sayankha, ndipo asakhumudwe nazo. Koma mmodzi akayankha, yankho lakelo limaposa uphungu wa anzake khumi.

Makalata a umboni ndiwo amapha anthu mwakachetechete. Mwana amapita kwa mphunzitsi kutatsala masiku awiri kuti atseke, mphunzitsi amene anamuphunzitsa m'chaka chachiwiri m'kalasi ya anthu mazana awiri ndipo sakumukumbuka nkhope. Mphunzitsiyo, posafuna kumukhumudwitsa, amalemba kuti uyu anali wophunzira wathu, wakhalidwe labwino, wolimbikira. Osankha amawerenga makalata otere mazanamazana. Chimene amafuna kumva n'chakuti mtsikanayu anayeza yekha nthaka ya m'minda makumi atatu, makina atawonongeka anapeza njira ina, ndipo anazindikira cholakwika m'ziwerengero chimene ena sanachione. Zoterezi angalembe ndi amene anamuyang'anira pa pulojekiti ya chaka chomaliza, kapena bwana wake kuntchito. Awapemphe kutatsala mwezi wathunthu, awapatse CV ndi chidule cha zimene anachita limodzi. Chimodzimodzi kalata yake yodzifotokozera: ngati inali imodzi yomweyo yotumizidwa konsekonse, yoyamba ndi zakuti wakhala akukonda sayansi kuyambira ali mwana, ailembenso. Atchule funso limene akufuna kuyankha, ndi chifukwa chake wasankha dipatimenti imeneyo osati ina. Pa PhD, ayambe walemberana ndi mphunzitsi amene akufuna kuti amuyang'anire, atawerenga kaye zimene mphunzitsiyo anasindikiza.

Tsopano chaka chimene chili pakatichi. Ichi ndicho chili m'manja mwa banja, ndipo ndi pamene pempho lachiwiri limasiyanira ndi loyamba. M'nyumba zambiri pulojekiti ya chaka chachinayi ili m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo, yomangidwa bwino ndi chikuto cholimba, yosatsegulidwa chichitikireni mwambo wolandira digiri. Aitulutse, apite nayo kwa amene anamuyang'anira, afunse ngati ingakonzedwe kukhala pepala losindikiza kapena lokaonetsa pa msonkhano wa akafukufuku. Agogode m'malo amene kafukufuku amachitika tsiku ndi tsiku. Wa zaulimi ayese ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku Makoka kapena ku Lunyangwa. Wa zaumoyo ayang'ane ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, ku UNC Project ku Lilongwe, ku MEIRU ku Karonga. Wa za nkhalango ndi za miyala ali ndi maofesi ofufuza ku Zomba, wa za nsomba ku Monkey Bay. Ngakhale atamutenga kuti azingolemba ziwerengero kapena kutsuka mabotolo a m'labotale, alowe, ndipo azilemba masiku ndi maola amene wagwira, pakuti ku Chevening ntchito yongodzipereka imawerengedwanso. Kuphunzitsa sayansi ku sekondale ndi ntchito yolembeka bwino pa CV, asaichitire manyazi. Madzulo aphunzire R, Python kapena QGIS, mapulogalamu a pakompyuta amene sagulidwa. Ziwerengero za kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey zimaperekedwa ulere kwa amene walembetsa n'kufotokoza chimene akufuna kufufuza, choncho ali ndi poyeserera.

Mbali yanu ndi yosavuta kuitchula koma yovuta kuisunga: bandulo ya intaneti mwezi ndi mwezi, ndalama ya minibasi yopitira kumene akudzipereka, ndi maola awiri kapena atatu pa tsiku amene palibe womutuma. Munthu wokhala pakhomo ndi digiri amasanduka wotumidwa wa aliyense, wa kuchigayo, wa pamzere wa kubanki, wokatenga ana kusukulu. Kwa mwana wamkazi zimafika poipa, chifukwa ntchito zonse za pakhomo zimamugwera, ndipo pasanathe miyezi itatu wina amayamba zakuti sukulu yakwana, apeze banja. Amayi ndi abambo, imani naye pamenepo. Pachikani kalendala pakhoma ndipo alembepo masiku otsekera. Chevening imatsegula mu Ogasiti n'kutseka mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mayunivesite ambiri a ku America amatseka mu Disembala ndi Januwale. Mapepala a magiredi ochokera ku yunivesite ndi pasipoti akonzeretu, chifukwa zimenezi sizituluka tsiku limodzi.

Ulendo wachiwiriwu asaponye mbedza pa dziwe limodzi. Wa masamu, fizikisi kapena zamakompyuta aganizire AIMS, sukulu imene inayamba mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Masitazi yake ndi ya chaka chimodzi, yolipiriridwa zonse. Wa zaulimi azitsata zolengeza za RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa umene likulu lake lili ku Kampala. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, kutanthauza kuti opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi masikolashipu a dziko lonse lapansi. Palinso masikolashipu a Commonwealth ndi a Mastercard Foundation. Ndipo ine ndimaona kuti masitazi ya konkuno, ku KUHeS, LUANAR, MUBAS, Mzuni kapena UNIMA, pansi pa mphunzitsi amene akuchitadi kafukufuku, imaposa kukhala zaka zinayi ukudikira London. Ambiri amene akuchita PhD kunja anadzera njira imeneyi.

Chenjerani ndi anthu a pa Facebook ndi WhatsApp olonjeza sikolashipu yotsimikizika mukatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Chevening ndi Commonwealth salipiritsa pofunsira, ndipo palibe munthu wapakati amene angagule malo.

Mwina mudzafuna kumulimbikitsa ndi nkhani ya wina amene anakanidwapo. Ilipo yoona: June Huh, amene anaphunzira ku Seoul National University, anakanidwa ndi pafupifupi mayunivesite onse a ku America amene anafunsirako PhD ya masamu. Yokhayo ya Illinois ku Urbana-Champaign ndiyo inamutenga mu 2009, ndipo mu 2022 analandira Fields Medal, mphoto yapamwamba kwambiri pa masamu. Isungeni nkhaniyi mpaka atayambanso kulemba mapempho. Ikanenedwa msanga imangomuonjezera katundu, ngati mukumuuza kuti nayenso ayenera kudzagwedeza dziko.

Pa miyezi yonseyi muzimuyang'anitsitsa. Kukhumudwa kwa masiku angapo n'kwachibadwa. Koma ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa akungodzitsekera, osasamba, osadya, osagona, kapena wayamba kumwa mowa mopitirira, musanene kuti ndi ulesi. Akayamba kulankhula zakuti iye ndi mtolo chabe, kapena kuti kuli bwino kufa, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pa chipatala cha boma funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God, ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda amenewa.

Gwirizanani kuyambira pano kuti ayesa maulendo angati musanakhalenso pansi, kaya awiri kaya atatu, kuti chaka chilichonse chisamathere pa kudikira imelo. Ikafika nthawiyo iye n'kunena kuti amayi, ine za masitazi ndazisiya kaye, ndapeza ntchito yoyeza madzi kapena ya m'labotale ya fakitale, mufunseni za malipiro ndi kumene azikagona, ndipo mumuthandize kupeza ndalama ya lendi ya mwezi woyamba.